Pepala Limene Adzakupatse Nthawi ya Zolengeza

South Bend, Lachisanu masana

Thoko, mwana wanga,

Mpingo wa m'nyumba muno, umene uli ndi akhristu atatu ndipo mawa utsala ndi awiri, ukudziwitsidwa kuti pambuyo pa zokambirana zazitali, zimene amayi ako anaziitanitsa, kuzitsogolera ndi kuzivomereza okha, ayironi yabwino ija ikupita nawe ku Indianapolis. Ine ndatsala ndi yakale, yolavulira madzi a dzimbiri pa kolala. Amene ali ndi chifukwa chotsutsira zimenezi akaonekere kwa amayi ako, ndipo Mulungu amuchitire chifundo. Zolengeza zathera pamenepa.

Wapukusa mutu, ndikudziwa. Undikhululukire. Munthu amene wawerenga zolengeza m'tchalitchi zaka zoposa makumi anayi sathanso kuyankhula ngati anzake. Ngakhale popempha mchere amayamba ndi "mpingo ukudziwitsidwa". Amalawi a kuno anaiwala kale dzina langa. Ndine a Zolengeza, ndipo ana obadwira kuno amayesa kuti ndi chiwongo chathu.

Ndikulemba pamene iwe ndi amayi ako mwapita kukagula nsalu za pabedi za ku apatimenti yako. Amayi ako akalowa m'sitolo ndimawadziwa, ndiye ndili ndi maola atatu. Ndalemba m'Chichewa dala. Chizungu umachiwerenga ndi diso limodzi, lina lili pa foni. Chichewa umachiwerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, phazi ili, kenako ilo, ndipo ndi mmene ndikufunira kuti uwerenge kalata ino. Mawu akakukanika usafunse amayi ako. Chifukwa chake uchipeza kumapeto.

Tsiku lija unatiuza za ntchito yako tili pa tebulo, amayi ako analulutira, ine ndinatsamwa. Unati bwana wako, amene akufuna mpando pa chisankho cha Novembala, wakulemba kuti Lamlungu lililonse uziyendera matchalitchi a anthu a ku Africa, a ku Speedway ndi ena a mumzindamo. Abusa azikupatsa mphindi zisanu nthawi ya zolengeza, iwe uziwerenga uthenga wochokera ku ofesi. Unandimenya kumsana n'kufunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndi tsabola. Unandiyang'ana, chifukwa mu ndiwo munalibe tsabola, n'kunena m'Chizungu chako chija kuti, "Dad, ndi zolengeza chabe."

Chabe. Mwana wanga, ntchitoyo wakupatsa chifukwa cha liwu lako, ndipo liwulo ndi langa. Mphuno unatenga ya amayi ako, nzeru za masamu sitikudziwa kumene unazitola, koma liwu lomveka mpaka benchi yomaliza popanda maikolofoni ndi langa. Choncho ndili ndi ufulu wokuuza zimene liwulo lachitapo lisanafike kwa iwe.

Udziwe kaye chifukwa chake andale amakonda nthawi ya zolengeza. Pa ulaliki anthu amachenjera, ena amagona. Koma pofika pa zolengeza aimba kale, alapa kale, apatsana moni wa mtendere, mitima yafewa ngati mbatata ya m'phulusa. Chilichonse chochokera kutsogolo chimakhala ndi fungo la guwa. Palibe amakweza dzanja kufunsa. Mwambo wathu ndi woti wowerenga akati "zolengeza zathera pamenepa", mpingo wonse umayankha "zikomo". Uziganize zimenezo. Ndi malo okhawo pa dziko lapansi pomwe munthu ungalengeze chilichonse anthu n'kukuthokoza.

Ku yunivesite ku Zomba ndinaphunzira mbiri yakale, maphunziro amene amapatsa munthu nzeru zonse zinthu zitachitika kale. Lero ndimakankha ngolo ya mabuku m'laibulale, ndipo nthawi zina ndimawerengako katundu wanga. Ndinapezamo kuti ngakhale kuno ku Indiana, zaka pafupifupi zana zapitazo, amuna ovala mikanjo yoyera ndi zipewa zosongoka zobisa nkhope ankalowa m'matchalitchi mapemphero ali mkati, abusa n'kuwapatsa mpata, mpingo n'kuwaimbira nyimbo. Ankadana ndi a khungu ngati lako ndi a chipembedzo ngati cha agogo ako, ndipo anafika posankhira boma atsogoleri. Sanathyole chitseko cha boma. Anadzera pakhomo la tchalitchi, Lamlungu m'mawa, nsapato zopukuta bwino. Koma za m'mabuku zisiye. Ndili ndi zolakwa zanga zitatu, ndipo ndiyamba ndi chaposachedwa chifukwa ndicho chopepuka.

Chaka chatha, iwe uli ku koleji, abusa athu anandigwiritsa pepala ndikukwera kale kutsogolo. Linachokera kwa mnzawo, mbusa wachizungu amene amatibwereka besimenti, chipinda cha pansi pa tchalitchi chawo, momwe timapempherera Lamlungu masana, tonse pamodzi, a mipingo yonse, popeza sinowo, chipale chofewa chija, safunsa kumene munthu anabatizidwa. Ndinalitambasula ndili kale pamaso pa anthu. Linati kudzakhala basi yaulere ndi nkhomaliro yaulere, tipite ku nyumba ya malamulo ku Indianapolis tikapempherere boma. Ndinaliwerenga mokoma, ndinaonjezanso kuti ochedwa adzathamangira basi pa msewu. Anthu anaseka, anati zikomo. Mmalawi ndi basi yaulere, iwe ukudziwa. Anamwino otsika shifiti anakwera asanasambe, amayi anamanga zitenje pamwamba pa mabuluku, njira yonse tinaimba.

Titatsika, mnyamata wina wa suti anatilandira ndi manja awiri, n'kugawira aliyense chikwangwani. Kenako anatiika kutsogolo, kutsogolo kwenikweni, pomwe pali makamera. Ine ndinati, taonani ulemu wa azungu, alendo amawaika patsogolo. Ndinazindikira mochedwa kuti tinali maluwa a pa tebulo. Inali nthawi ya lamulo lija limene linagwedeza boma lonse lino, limene ena ankati likuteteza chipembedzo, ena ankati likulola wamalonda kukana kutumikira amuna okwatirana okhaokha kapena akazi okwatirana okhaokha. Ambiri mwa ife sitinkadziwa n'komwe kuti kuli lamulo. Tinkadziwa za nkhomaliro. Chithunzi chinayenda pa intaneti, ndipo iwe unanditumizira ndi chizindikiro chofunsa chokha, popanda moni.

Pakati pa chithunzicho panali amayi a Nachisale, aja amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, chikwangwani chili pamwamba ngati mtanda wa pa Lachisanu Loyera. Bwana wawo wa pa shifiti ndi mayi wachizungu amene amakhala ndi mkazi mnzake. Amuna a Nachisale atamwalira m'nyengo yozizira, mayi ameneyo ndiye anawagwirira mashifiti, ankawadiraiva m'sinowo, ndipo pa maliro anakhala pansi ndi azimayi a mpingo wathu, chitenje chikumasuka mphindi iliyonse, n'kulira nafe. Atachiona chithunzi sanawachotse ntchito. Anangochipirinta, n'kuchiika pa tebulo la m'chipinda chomwera tiyi, n'kufunsa, "Ndinakulakwira chiyani?"

Lamlungu lotsatira a Nachisale anandidikirira pa masitepe.

"A Zolengeza, inu ophunzira, paja munati tikupita kukatani?"

"Kukapempherera boma, mayi."

"Nanga chikwangwani chija chinali pemphero?"

"Mayi, ine ndinangowerenga zimene anandipatsa."

"Wayilesinso imatero," anatero. "Koma wayilesi timatha kuithimitsa."

Anapempha kuti awasinthe shifiti chifukwa cha manyazi. Lero amadikira basi ya mumzinda pa mphepo, ndipo akandiona amandipatsa moni wathunthu, wa ulemu, wopanda mano. Sindikukuuza mbali yoti uime pa lamulo limenelo. Uli ndi mutu wako. Ndikuti anthu aja sanaime mbali iliyonse, anaimikidwa, ndipo amene anawakweza basi ndine. Ndiye langizo loyamba ndi ili: werenga pepala usanaimirire. Uliitanitse Lachinayi, osati pakhomo la tchalitchi. Akati silinathe kulembedwa, nawenso liwu lako silinathe kupsa. Bwana wako akakupempha kuti uvale chitenje tsiku limene kuli makamera, um'funse kuti iye avala chiyani. Werenga pepala, Thoko.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita nditawerenga pepala, kuti usaganize kuti kuwerenga ndi mankhwala a zonse. Chinali chaka chimene iwe unabadwa. Ndinali mphunzitsi wa sekondale ku Mulanje, ndipo dziko lathu linali ndi chipani chimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndi makutu ambirimbiri. Munthu ankatha kupita kukagula palafini osabwerako chifukwa cha nthabwala imene ananena ku maliro. Loweruka lina, nyengo ya Lenti itangoyamba, kunyumba kunabwera akatekisiti athu a Matiyasi, mkulu amene ankatsogolera mapemphero pa tchalitchi chathu chaching'ono bambo mfumu akakhala kwina. Anatsika pa njinga, n'kutulutsa kabuku kokulungidwa m'kansalu ngati mankhwala a sing'anga. Inali kalata ya mabishopu, yoti iwerengedwe m'matchalitchi onse tsiku limodzi.

"Bambo mfumu akuti muwerenge inu, aphunzitsi. Ine maso anatha, komanso chibwibwi changachi mukuchidziwa."

Ndinaiwerenga ndili ndekha, chitseko chotseka. Munalibe chachilendo. Munali zimene tonse tinkanong'onezana: anthu otsekeredwa popanda mlandu, zipatala zopanda mankhwala, antchito olipidwa ngati akupemphetsa, ndi mantha oletsa munthu kunena zimene akuona. Chachilendo chinali choti zalembedwa, ndipo wina ayenera kuzitchula mokweza, masana, anthu a chipani ali pa benchi yachiwiri.

Lamlungu m'mawa ndinadzuka ndi chilonda cha pakhosi. Ndinamanga sikafu m'khosi, mwezi wa Malichi, ku Mulanje, thukuta likuyenderera. Amayi ako, mimba ya iwe ili apo, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Dzulo posamba mumaimba," anatero.

"Zimayamba mwadzidzidzi," ndinanong'ona.

"Eya. Zimayambadi mwadzidzidzi."

A Matiyasi anawerenga okha. Chala pa mzere, kabuku pafupi ndi mphuno, liwu lililonse akulimbana nalo ngati akuzula chitsa. Ine ndikanamaliza m'theka la ola. Iwo anatha ola ndi theka. Palibe anatsokomola. Ndakhala ndikumva owerenga abwino moyo wanga wonse, ndipo ndine mmodzi wa iwo, koma sindinamvepo kuwerenga ngati kumene kuja. Patapita masiku owerengeka boma linati kalatayo ndi youkira, wopezeka nayo ndi wamlandu. Apolisi anabwera kudzatenga a Matiyasi ali kumunda. Anabwerako patapita milungu ingapo, khutu limodzi litasiya kumva. Ahedi atandifunsa ngati ndinali nawo m'tchalitchi, ndinawaonetsa sikafu.

Kalata imeneyo ndiyo inatsegula pakamwa pa dziko. Ophunzira anayenda m'misewu, antchito ananyanyala, chaka chotsatira tinavota kuti zipani zichuluke. Ndipo kuyambira pamenepo wandimva kangati, pa phwando la ufulu la mu Julaye, nyama ili pa moto, ndikuuza achinyamata kuti "ife tinawerenga kalata ija"? Liwu loti "ife" ndi lachifundo kwambiri, limanyamula aliyense, ngakhale wa sikafu. Ndinkadziuza kuti ndinachitira iwe, kuti usabadwe bambo ali m'ndende. Mwina n'zoona. Koma a Matiyasi anali ndi ana asanu ndi awiri. Choncho werenga pepala usanaimirire, ndipo ukapeza kuti ndi loona, usayang'ane sikafu. Tsiku lina ofesi yomweyo idzakuuza kuti pali nkhani imene usaitchule m'tchalitchi mwakutimwakuti chifukwa abusa ake sakondwera nayo. Udzadziwa kuti pakhosi pako pali bwino kapena ayi.

Bwana wako sindikumudziwa, ndipo sindikuti ndi woipa. Unandionetsa chithunzi chake atagwada ndi ana ake, onse mano oyera. Mwina amapempheradi. Oipa odziwika savuta, mwana wanga, umawaonera patali. Amene adzakupatse pepala loopsa adzakhala munthu amene anakuchitirapo zabwino. Ndipo unatchula, ngati nkhani yaing'ono, kuti ukamaliza kuwerenga uziyendetsa pepala lina m'mabenchi kuti anthu alembe maina, manambala ndi kumene amakhala. Iwe unabadwira ku Mulanje koma mapepala ako ndi oyera. M'mabenchi amenewo muli anthu amene mapepala awo anatha kalekale, amene amalowa m'tchalitchi chifukwa ndi nyumba yokhayo imene sawafunsa chiphaso. Adzalemba chifukwa wapempha ndi mwana wa a Zolengeza, m'Chichewa, pafupi ndi guwa. Usanayendetse pepalalo ufunse kumene limakagona, ndi amene ali ndi kiyi. Ukapanda kuyankhidwa, lipinde uliike m'chikwama. Za maina ndikudziwa zimene ndikunena, ndipo apa ndafika pa chachitatu.

Uli ndi azakhali, Thoko. Tinakuuza kuti amakhala kutali ndipo sakonda foni. Zonse ziwiri n'zoona. Dzina lawo ndi Felesiya, mchemwali wanga wamkulu. Amayi athu atamwalira ndili wamng'ono, iye ndiye anandilera, kumudzi kwathu ku Ntcheu, kufupi ndi malire moti nkhuku zathu zinkakadya ku Mozambique n'kudzaikira mazira ku Malawi. Ndiye anandiphunzitsa kuwerenga, ndi buku la nyimbo, akuloza mawu ndi kaudzu. Ndikameza liwu ankanditsina khutu. "Dzina la munthu ulitchule lonse," ankatero, "mwini wake amve kuti ndi iye."

Felesiya anakwatiwa ndi Lameki, mmisiri wa matabwa, n'kulowa mpingo wa mwamuna wake. Unali mpingo uja umene anthu ake ankakana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo khadi linali mpweya. Popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, kuchipatala unkabwerera pakhomo. Amayi oyembekezera ankafunsidwa la mwana wa m'mimba. A mpingo umenewo ankati iwo salowa chipani chilichonse cha pansi pano. Sankatukwana munthu, msonkho ankapereka, ankangokana khadi. Boma linaletsa mpingo wawo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunamveka mawu ochokera kumwamba kwa chipani akuti achotsedwe m'midzi.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo dzina langa linali litangotuluka kuti ndasankhidwa kupita ku yunivesite, woyamba m'dera lonselo. Ndinkawerenga kale zolengeza pa tchalitchi chathu cha zidina, cha mazenera opanda magalasi. Kumudzi zolengeza zinali nyuzipepala: maliro, maukwati, tsiku la katemera, zonse zinkadzera pakamwa panga. Wapampando wa tchalitchi anali a Chimphepo, amenenso anali wapampando wa chipani. Ankaimba besi yogwedeza malata. Ananyamula nawo bokosi la amayi athu, ndipo chaka cha njala anatipatsa chimanga osatiuza kuti tibweze.

Lamlungu limenelo zolengeza zinali zitatu. Choyamba, tsiku losambitsa ng'ombe ku dibi. Chachitatu, amayi oti adzazire pansi m'tchalitchi. Chapakati chinali pepala la a Chimphepo. Ndikulikumbukira lonse. "Mpingo ukudziwitsidwa kuti mabanja otsatirawa akana khadi, motero akana mtendere wa dziko lino. Mkhristu asawagulitse kanthu, asatunge nawo madzi, asawabise." Panali mabanja asanu. Lachinayi linali la Lameki ndi mkazi wake Felesiya. Ndinawerenga onse asanu, ndinapitiriza ndi za kuzira, ndinati zathera pamenepa. Mpingo unati zikomo.

Umvetse bwino apa, chifukwa anzako ophunzira amalakwitsa. Sindinaulule chinsinsi. Mudzi wonse unkawadziwa anthu aja, kuyambira kale, ndipo unkagula mipando kwa Lameki. Mabenchi amene tinakhalira tsiku limenelo anakhoma ndi iye, ngakhale tchalitchi sichinali chake. Anthu sankasowa maina. Ankasowa chilolezo. Chipani chinali chitalamula kale, koma kumenya mnansi wako chifukwa cha chipani chokha kumafuna mtima wouma, ndipo si onse anali nawo. Zikamveka m'tchalitchi, pakati pa dibi ndi kuzira, m'liwu la mwana wabwino uja wa ku yunivesite, zimakhala ntchito ngati ntchito zina za sabata imeneyo.

Anthu anapita kunyumba za mabanja aja masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo. Sanali alendo. Anali anyamata amene ndinkaweta nawo ng'ombe, ena anali ataimba mu kwaya m'mawa. Ine ndinali m'nyumba ya amalume, ndikulongedza ndi kumasula sutikesi imodzi yomweyo. Lameki anamumenya ndi matabwa ake omwe, makamaka m'manja. Anatentha nyumba ndi nkhokwe. Felesiya anawoloka malire ndi khanda la masiku khumi kumsana, mwamuna wake atamutsamira. Patapita milungu iwiri ndinakwera basi ya ku Zomba, khadi lili m'thumba la malaya, anthu akundikupizira manja. Lameki anamwalira kutsidyako chaka chomwecho. Mwanayo anamwalira mvula itayamba, mumsasa wa othawa.

Amati mthenga saphedwa. N'zoona, ndine pano, ndili ndi inshuwalansi ya mano. Amaphedwa ndi ena.

Felesiya anabwerera kumudzi zinthu zitasintha. Tisananyamuke kubwera kuno ndinapita kukamuona, ndi shuga ndi chitenje, ngati munthu wokapepesa chifukwa mbuzi yake yadya chimanga. Anagwada, analandira ndi manja awiri, ananditcha aphunzitsi. Ndinali nditakonza mawu njira yonse.

"Achemwali, tsiku lija, pepala lija..."

"Ndinamva," anatero. "Ndinali pakhonde, ndikuyamwitsa. Mazenera aja analibe magalasi. Munawerenga bwino, achimwene. Simunameze dzina ndi limodzi lomwe."

Anati anandikhululukira kalekale, chifukwa chikhulupiriro chawo chimatero. Kenako anafunsa ngati basi yanga ndi ya 3 koloko kapena ya 4, kuti ndisaiphonye. Makalata anga sayankha. Zimene ndimatumiza amagawira ena.

Amayi ako nkhaniyi amaidziwa chonchi: kuti a Chimphepo anandigwiritsa pepala ndili kale kutsogolo, kuti maina ndinawaona pakamwa patayamba kale kuyenda, kuti mnyamata wamantha sakanatha kuima pakati. Anandikwatira akudziwa zimenezo, ndipo akhala akundimvera chisoni zaka zonsezi. Ndi nkhani yabwino. Ndainena kambirimbiri moti nthawi zina ndimaona dzanja la a Chimphepo likundipatsira pepala pa sitepe.

Pepala anandipatsa Loweruka m'mawa, pakhonde la golosale yawo. Anandigulira fanta. Anati, "Mwana wathu wa ku yunivesite. Basi ya ku Zomba imaima malo atatu pomwe anyamata a chipani amafunsa za munthu. Ine ndikati uyu ndi wathu, ndi wathu." Sanaonjeze kanthu, sanakweze mawu. Ndinalitambasula ndili pa njira, ndinaona dzina lachinayi. Ndinakhala nalo tsiku lathunthu. Kuchokera kwa amalume kufika pakhomo pa Felesiya panali pafupi kuposa kuchokera pakhomo pathu pano kufika pokwerera basi. Ndikanangodutsa ngati wopempha moto, n'kunena mawu atatu, akanawoloka Loweruka lomwelo ndi mbuzi zawo, manja a Lameki ali athunthu. Ndinaopa kuti wina andiona ndikulowa. Ndinapita kuseri kwa khola, n'kuyeserera kuwerenga, katatu, kuti ndidziwe popumira.

Ndiye ukuona kuti langizo langa lija, werenga pepala usanaimirire, ndi theka chabe. Ine ndinawerenga. Theka linalo ndilibe ulamuliro wolinena, koma ndilinena poti palibe wina. Ukaona m'pepala anthu amene akulozedwa chala, kaya atchulidwa maina kaya angotchedwa "anthu amenewa", udzifunse kuti mapemphero akatha ena adzapita pakhomo pa yani. Ukadziwa pakhomopo, upiteko iwe poyamba. Ntchito ikatha ithe. Chipinda chako sitikuikamo kanthu, ndipo msewu wa kuno ndi maola atatu okha. Udzabwera ndi manyazi a munthu wochotsedwa ntchito, ndipo manyazi amenewo amatha ndi sabata ziwiri.

Amayi ako usawauze. Ndiwauza ndekha mawa pobwerera, tikakusiya, pa msewu wautali uja wa minda ya chimanga, pomwe sangathe kutsika. Sindikudziwa kuti tikafika kuno adzanditcha ndani. Iwenso sindikudziwa. Ukaona kuti sungathe kuimba foni Lamlungu lino, ndimvetsa. Uimbire amayi ako okha.

Digiri ija ili pakhoma la pabalaza, imene unkaionetsa anzako uli mwana, ndiyo inandipatsa uphunzitsi, uphunzitsi unandipatsa amayi ako ndi ulendo wa kuno, ndipo zonsezo zinandipatsa iwe. Sindinganene kuti ndikanakonda zikanapanda kuchitika, ndipo chimenecho ndicho chimandilemera kuposa zonse.

Mwana uja anali wamkazi, msuweni wako. Chaka chino akanakhala mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi. Atangotuluka m'chikuta, Felesiya anandituma mawu kuti ine, malume ake ophunzira, ndidzamutche dzina ndisanapite ku Zomba. Ndinayankha kuti andidikire pang'ono, ndikuganizirabe labwino. Sindikudziwa ngati anamwalira ali ndi dzina.

Ine bambo ako.